Chifalansa cha m'Chigafa

Ndikamva fungo la fodya wouma, ngakhale lochokera m'thumba la munthu wongodutsa pa depoti, ndimabwerera m'chigafa cha kwathu ku Dowa, momwe agogo anga a Nachisale ankakhala pachiguduli atatambalitsa miyendo, mulu wa masamba uli pakati pa mapazi awo. Fungolo linali lotsekemera ngati shuga wopserera koma lokanda pakhosi, ndipo linkasakanikirana ndi la udzu wa denga umene mvula yotsiriza inanyowetsa, ndiponso utsi wa zitsononkho wochokera kukhitchini kwa amayi. Dzuwa linkalowa m'mipata ya masamba opachikidwa pamikangala, fumbi likuyandama m'kuwalako, nkhunda zikulira pakhola, ndipo pamwamba pa zonsezi pankamveka mawu a agogo, aakulu, osasa pang'ono, akuimba.

Agogo sanalowepo m'kalasi. Pakafunika kusaina ankadinda chala. Koma anali ndi khutu loopsa: chilichonse chimene amva kawiri chinkasanduka nyimbo. Ndiwo ankayambitsa nyimbo kumsonkhano wa amayi a mpingo, kumaliro ndi kuukwati. Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anabwera kudzafotokoza kathiridwe ka feteleza, ndipo asanakwere njinga yake agogo anali atamuimbira malangizo ake onse, kuyambira kukula kwa kapu mpaka kutalika kwa dzenje. Mlangiziyo anasiya njingayo nawapempha kuti abwereze.

Ine anayamba kundithandiza ndili mu Sitandade 6. Aphunzitsi athu a Chingerezi ankatipatsa mndandanda wa aneni oti tiloweze, ndipo wophonya ankalandira kamtengo m'manja. Ndinkayendayenda kuseri kwa nkhokwe ndikung'ung'udza go, went, gone, eat, ate, eaten, mpaka agogo anatopa nane.

"Mkazi mnzanga, ukubwebweta chiyani ngati wagwidwa mizimu?" Ankanditchula choncho pondiseka, ati ndinkawalanda amuna awo, ngakhale agogo aamunawo anali atamwalira ndisanabadwe. "Tabwera kuno unene bwinobwino."

Ndinanena. Anamvetsera maso ali chitsekere.

"Ndiye atatu onsewo ndi kupita kokhakokha?"

"Eya, agogo. Koma kwina ndi kwa lero, kwina kwa dzulo, kwina ndi koti wapita kale."

"Azungu ntchito ilibe," anatero, kenaka anayamba kugwedeza mutu, chala chikugunda pabondo. "Gowu, wenti, goni! Iti, eti, iteni!" Pofika madzulo ana onse a pakhomo ankaimba, ndipo kamtengo kaja sikanandikhudzenso.

Ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko chaka chimene anthu anali atangovota zipani zambiri. Zinthu zinkaoneka ngati zatseguka paliponse. Amuna ankatsutsana za ndale mokweza pa golosale osayang'anayang'ana kumbuyo, ana omwe anali atasiya sukulu anadzaza pansi pa mitengo ku pulayimale, ndipo abambo anali atayamba kulima fodya wa bale, amene kale ankati ndi wa maesiteti okha. Ineyo chitseko changa chinali Chifalansa. Tsiku loyamba aphunzitsi athu, a Mwale, anapachika mapu pabolodi naloza maiko onse kumene chimalankhulidwa, ndipo madzulo ake ndinalemba m'kope langa la chikuto chofiira, momwe ndinkasungamo za tsiku ndi tsiku: "Ndidzachidziwa chilankhulo ichi. Ndalonjeza."

Kulonjeza kunali kosavuta. Mneni wa Chingerezi amasintha katatu, wina kanayi, basi. Wa Chifalansa amasintha kwa ine, kwa iwe, kwa iye, kwa ife, kwa inu ndi kwa iwo, ndipo ukati wamugwira m'nthawi ya lero umapeza wavala zina m'nthawi ya dzulo ndi ya mawa. Kope lija ndikadali nalo, ndipo tsamba la sabata yotsekera teremu mu Fomu 2 likuti: "Ndapeza 11 pa 40. A Mwale ati tikabwera kutchuthi kudzakhala mayeso ena, ndipo wosafika theka adzasamutsidwira kukalasi ya zosoka ndi zophika. Ambuye, singano sindidana nayo, koma ndikufuna Chifalansa."

Ndinafika kumudzi nyengo yosankha fodya. Abambo anamva nkhaniyo atakhala pachitsa pafupi ndi chigafa, akusongola mpini wa khasu latsopano, chipewa chawo chakuda chili kumutu. Chipewacho ankachivula m'tchalitchi mokha.

"Palibe chodandaulitsa apa, Enelesi," anatero. "Kusoka ndi ntchito. Chifalansa udzalankhula ndi ndani kuno? Mbuzi zangazi?"

Agogo anali mkati mwa chigafa, mapazi asanu okha kuchokera pomwe panali abambo. Koma abambo anali mkamwini pamudzipo, ndipo agogo anali apongozi awo. Pa zaka zonse zimene anakhala limodzi sanayang'anizanepo m'maso kapena kulankhulana mwachindunji. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Choncho agogo anatembenukira kukhoma la udzu nakweza mawu.

"Enelesi! Kawauze abambo ako kuti dzana lomweli ankati munthu wamba sangalime bale. Tawafunsa, wadzaza muno ndi chiyani, bonongwe?"

Sindinasunthe n'komwe. Abambo anayang'ana mpini wawo.

"Uwauze amayi kuti ndamva. Koma uwauzenso kuti fodya ali ndi omugula. Chifalansa chili ndi wochimva?"

"Uwauze kuti womva adzapezeka."

"Uwauze kuti akadzapezeka pamudzi pano, ine ndidzamuvulira mwanayu chipewa."

"Uwauze kuti ayambiretu kupesa!"

Amayi anga anathawira kukhitchini akuseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pansi pa chipewacho panalibe chopesa.

M'mawa mwake agogo anandilamula kubwera ndi buku m'chigafa. Tinali asanu ndi mmodzi: agogo, amayi, ine, a Nabanda oyandikana nafe nyumba, ndi amayi ena awiri odzathandiza. Ntchito yosankha fodya imafuna maso ndi zala, mutu umakhala uli pa ulova. Umatola tsamba, kuliwongola pabondo, kuona mtundu ndi utali wake, kuliika pa anzake ofanana nalo, ndipo akakwana dzanja umawakulunga kumapesi ndi tsamba lina lofewa.

"Yamba poyambirira penipeni," anatero agogo.

Ndinawerenga tsamba loyamba la aneni: je suis, tu es, il est, nous sommes, vous êtes, ils sont. Anati ndibwereze. Kenaka anagawa pakati, atatu oyamba n'kukhala awo, atatu otsiriza n'kukhala a gulu.

"Je swi, tiwe, ile!" anayambitsa.

"Nu somu, vu zeti, ili so!" tinavomera.

Liwu lililonse linkapita ndi tsamba limodzi. Tikaimba katatu dzanja ladzaza, timange. Masiku atatu asanathe anali atakonza maimbidwe atatu osiyana. Za lero anaziika pa kayimbidwe kofulumira ka pamtondo. Za dzulo anaziika pa kodekha, kaja ankayambitsa kusiwa. Za mawa anaziika pa ka kuukwati, ka nthungululu kumapeto. Ine ndinkapereka mneni watsopano, kukhala, kukhala ndi chinthu, kupita, kudya, iwo n'kumulowetsa m'maimbidwe onse atatu.

"Koma mwana ameneyu tikumukhulupirira?" anafunsa a Nabanda tsiku lina. "Mwina tikutukwana abusa m'chizungu ife osadziwa."

"Ngati ndi zotukwana, inu ndiye mukuzitha kuposa tonse," anayankha agogo. "Tolani tsamba ilo, si la pamenepo."

M'kope ndinalemba kuti: "Ndaloweza aneni khumi ndi awiri. Koma ndikatseka buku n'kuyesa kunena chiganizo changachanga, m'mutu mumangolira nyimbo. Kodi abambo akunena zoona?"

Mlendo anafika Lachiwiri la sabata yachiwiri, dzuwa lili paliwombo, tikupumula pamthunzi wa chigafa ndi mbale ya maungu ndi mtedza wophika. Anali mayi wamtali, woonda, duku atamanga mosiyana ndi ife, dengu lili m'manja, kumapazi kuli nsapato zomwe zinkaoneka kuti kale zinali za ku ofesi. Sanaodire. Anangoima kumalire a bwalo n'kukhosomola pang'ono. Tonse tinadziwa komwe wachokera. Chaka ndi miyezi ingapo m'mbuyomo boma linali litaika anthu othawa nkhondo ku Rwanda ndi ku Burundi pamalo pomwe kale panali ndende, ulendo wa maola awiri kuchokera kwathu. Tinkawaona patali pamsika, ndipo za iwo zinkanenedwa zambiri ndi anthu omwe sanalankhulepo nawo.

Mayiyo analoza chinangwa cha agogo kuseri kwa khola, natulutsa kabotolo ka mafuta ophikira m'dengu. Ankafuna kusinthanitsa ndi chigwada. Ataona kuti sitikumumvetsa, anayesa chilankhulo china, kenaka china. Pomaliza anati motsitsa, "Bonjour."

A Nabanda anandigunda ndi chigongono. "Enelesi, si chako chija ichi? Yankha!"

Ndinadziwa yankho lake. Ndinali nditalilemba m'mayeso kangapo. Koma ndinangoyang'ana dzungu lomwe linali m'manja mwanga. Chifalansa ndinkachidziwa cha pabolodi. Sindinaganizepo kuti chingatuluke m'kamwa mwa munthu wotuwa ndi fumbi la msewu wathu womwewu. Mayi uja anadikira, kenaka anayamba kubweza kabotolo m'dengu.

"Mlendo waima pabwalo panga osalonjeredwa?" anatero agogo. "Ndikadali moyo?"

Anadzuka, napukuta manja pachitenje, nakoka mphasa n'kuiyala pamthunzi. Anamukodola mayiyo kuti akhale. Kenaka anagwada patsogolo pake monga amachitira kwa mlendo wolemekezeka, naomba m'manja katatu, natsegula pakamwa.

"Je swi, tiwe, ile!"

Ndinafuna nthaka indimeze. Pambuyo pake nditawafunsa chomwe anachitira zimenezo, anandiyankha modabwa kuti, "Si ndiwe unati ndi poyambirira pa buku? Nanga munthu amayamba ndi chiyani ngati si moni?"

Mayi uja anatong'ola maso. Anayang'ana agogo, nayang'ana ife, pakamwa pali yasa. Agogo anaganiza kuti sanamve, ndipo anabwereza mokweza, akuomba m'manja. Apo mapewa a mlendoyo anayamba kugwedezeka. Anaika dengu pansi, nakweza dzanja lamanja chala chili chilili monga amachitira mphunzitsi kutsogolo kwa kalasi, nayankha ndi mawu omveka bwino ngati belu:

"Nous sommes, vous êtes, ils sont!"

"Wavomera!" anakuwa a Nabanda. "Amayi inu, wavomera!"

Zitatero panalibenso wogwira mnzake. Agogo anayambitsa mneni wachiwiri, gulu lonse linavomera, mlendo akutsogolera ndi chala chake, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Nkhuku zinabalalika. Agogo, poona kuti moni wawo walandiridwa, anafuna kuonetsa zonse zomwe ankadziwa, ndipo analowa m'kayimbidwe kodekha kaja ka za dzulo: ndinali, unali, anali, ndinali ndi, unali ndi, anali ndi. Mlendo anavomera mzere woyamba. Pa wachiwiri chala chake chinatsika. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka, ndipo misozi inayamba kutsika m'masaya mwake n'kumasiya tinjira m'fumbi.

Agogo sankadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, koma anali ataimba pamaliro ambiri. Anadula nyimboyo pakati.

"Iyi tiisiye," anatero motsitsa. "Nabanda, ya mawa."

Ndipo anayambitsa ya kuukwati, je serai, tu seras, akuvina ndi mapewa ali chigwadire, amayi anga n'kuimba nthungululu. Mlendo anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, napuma mozama, navomera nawo.

Nyimbo itatha, mawu anga anabwerera okha. Ndinagwada pambali pa agogo n'kunena kuti dzina langa ndine Enelesi, ndili mu Fomu 2, ndipo awa ndi agogo anga. Mayiyo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anayankha pang'onopang'ono kuti ndimve: dzina lake anali Sipesiyoza, ndipo kwawo anali mphunzitsi wa ana aang'ono kwa zaka zambiri. Mizere yomwe agogo anamulonjera nayo ndi yomwe ana a m'kalasi mwake ankaimba m'mawa uliwonse.

"Akuti chiyani?" anafunsa agogo.

"Akuti ndi aphunzitsi, agogo."

"Ohoo! Uwauze kuti mafutawo abwerere nawo. Chigwada athyole mmene angathere. Koma wophunzira ndi uyu." Anandiloza. "Ndipo dzina lawolo ndi lalitali, pano ndi a Naphiri."

Abambo anatulukira kuchokera kudimba nthawi yomweyo, khasu lili paphewa, napeza mlendo ali pamphasa akudya dzungu, ine ndikulankhula naye mopunthwapunthwa. Anaima. Agogo anatembenuka msanga kuyang'ana khoma la chigafa.

"Enelesi! Kawauze abambo ako kuti womva uja wapezeka. Si mbuzi ayi, ndi aphunzitsi."

Abambo anayang'ana mlendo, nayang'ana ine. Anatsamiritsa khasu pankhokwe. Kenaka, pang'onopang'ono, anagwira chipewa ndi manja awiri n'kuchitsitsira pachifuwa, dazi lawo likung'anima padzuwa, nandiweramira ngati ndine mkulu wa mpingo. A Nabanda anagwa chagada ndi phwete. A Naphiri, osadziwa chomwe chikuchitika, anaimirira mwaulemu nawapatsa moni m'Chifalansa, abambo n'kuyankha kuti, "Zikomo, zikomo, tili bwino."

"Uwauze amayi kuti dzuwa likuwotcha," anatero kenaka. "Ndivale?"

"Uwauze avale. Adzavulanso zotsatira zikadzabwera."

Masiku otsala a tchuthi a Naphiri ankabwera Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Agogo anawaphunzitsa kusiyanitsa tsamba lofiirira ndi lotuwa, ndi kukulunga mapesi osathyola. A Naphiri anazindikira msanga vuto langa, loti ndinali ndi nyimbo koma ndinalibe ziganizo. Choncho ankaloza munthu ndi tsamba la fodya n'kundifunsa: a Nabanda akuchita chiyani? Dzulo anachita chiyani? Mawa adzachita chiyani? Ndinkayankha kuti a Nabanda akudya, dzulo anadya, mawa adzadya, ndipo a Nabanda atamva tanthauzo lake anandithamangitsa kuzungulira chigafa. Pali liwu lina lofuna kusongola milomo ngati ukuimba mluzu, ndipo tsiku lomwe anatiphunzitsa limenelo amayi asanu akuluakulu anakhala atasongola milomo, kuyang'anizana, mpaka ntchito inaima.

Za kwawo sanatiuze zambiri, ndipo agogo analetsa aliyense kufunsa. Za dzulo ankandiphunzitsa ndi zinthu zazing'ono za pakhomo pathu, nkhuku yomwe inaikira, mvula yomwe inagwa. Koma tsiku lomaliza, atanyamula dengu la chigwada, anayambitsa okha kayimbidwe kodekha kaja, agogo n'kuvomera, ndipo anaimba mpaka kumapeto.

Mayeso analembedwa Lachisanu loyamba la teremu. Ndinakhala pafupi ndi zenera. Funso loyamba linali la za mawa. Ndinatseka maso, ndipo fungo la fodya linabwera lokha.

"Ndani akung'ung'udza nyimbo ya ukwati m'mayeso anga?" anafunsa a Mwale.

Ndinatseka pakamwa, koma phazi linapitiriza pansi pa desiki. Tsamba la kope la sabata yotsatira lili ndi mzere umodzi wokha, wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu mpaka bolopeni inaboola pepala: "33 pa 40. Ndatsala m'kalasi ya Chifalansa." Nditabwera kutchuthi chotsatira abambo anandichingamira pamsewu, ndipo basi isanaime n'komwe ndinawaona pazenera chipewa chili kale m'manja.

A Naphiri anakhala nafe pafupi zaka zitatu, kenaka anapeza mwayi wopita kudziko lina komwe kunapezeka mchemwali wawo. Anatilembera kalata kamodzi, theka m'Chifalansa, theka m'Chichewa chophotchoka, akufunsa ngati chinangwa chija chikadalipo. Agogo anamwalira ndili ku koleji. Mpaka kumapeto sanavomere kuti mawu aja sanali moni. Ndikayesa kuwafotokozera ankangoti, "Nanga sanavomere?"

Lero ndimaphunzitsa Chifalansa pasekondale ina kuno ku Ntchisi. Fomu 1 iliyonse ndimaigawa pakati, mbali iyi iyambitse, mbali iyo ivomere, ndipo aphunzitsi anzanga anazolowera kumva nthungululu tikafika pa za mawa. Chaka chilichonse pamapezeka mwana mmodzi, kawirikawiri wakumbuyo, amene amakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, koma chimenechi tidzalankhula ndi ndani kuno?" Sindikwiya. Ndimamva kukanda kuja pakhosi, ndimaona nkhalamba itagwada pafumbi ikuomba m'manja pamaso pa mlendo, ndipo ndimamuyankha kuti, "Iwe loweza. Womva adzapezeka, ndipo akadzaima pabwalo pako usadzamusiye chiimire."